Bala la opareshoni likakana kupola, tifunse dzina la kachirombo

Munthu akatuluka ku fiyeta ali moyo, tonse mitima imakhala pansi. Ulusi akachotsa timati basi nkhani yatha, mwini wake abwerere ku geni kapena ku kalasi, ndipo nthawi zambiri imakhala itathadi. Koma pali mtundu wina wa bala umene umayamba pamene tonse tanena kuti zatha. Pakapita masabata 3, 4, mwina miyezi iwiri, pachipsera paja pamatuluka kachotupa kofiirira. Sikapweteka kwambiri, thupi silitentha kwenikweni. Kamaphulika, nkuchucha timadzi, nkuuma. Sabata inayo kena katulukira pambali pake. Munthu amwa makapisozi, abayitsa jekeseni, asintha chipatala, koma bala lili pompo ngati ngongole ya katapila, yoti ukabweza lero mawa yabereka ina.

Mfundo yanga lero ndi imodzi yokha, abale anga. Bala la opareshoni limene lakana mankhwala wamba silichizika ndi kuyesa mwayi. Lichizika pokhapokha kachirombo kamene kali mkatimo katadziwika dzina, ndipo ntchito yofufuza dzinalo ndi ya chipatala chimene chinang'amba, osati ya wodwala amene akungozungulira tauni ndi kabuku ka kuchipatala m'manja.

Tiyambe ndi mwini mlandu. Kachirombo ka TB tonse timakadziwa. Chimene ambiri sitinauzidwe nchoti kameneka kali ndi abale ake, mitundu yoposa 150, amene madokotala amawatcha atypical mycobacteria, kapena mwachidule NTM. Kwawo kwenikweni kwa abalewa si m'thupi la munthu ayi. Amakhala m'dothi ndi m'madzi, ngakhale a pampopi, atabisala m'zonanda zimene zimamatirira mkati mwa mapaipi ndi m'mathanki. Atatu amene amatchuka pa mabala a opareshoni ndi Mycobacterium abscessus, Mycobacterium fortuitum ndi Mycobacterium chelonae. Khungu lawo ndi lokhuthala, la mafuta onga phula, kotero kuti klorini wa m'madzi ndi mankhwala ambiri otsukira zipangizo sawafika pamtima.

Tisayambe kuthawa mpopi, chifukwa kumwa madziwo sikudwalitsa munthu wabwinobwino. Vuto limabwera pamene tizirombotu tapatsidwa khomo lolowera pansi pa khungu: mpeni, singano, chitsulo cha opareshoni chimene sichinaphikidwe bwino kapena chimene chatsukuluzidwa ndi madzi a pampopi chitaphikidwa kale. Ndipo bala lotere silipatsirana ngati TB ya m'chifuwa. Gadiyani asaope kudyera mbale imodzi ndi wodwala wake.

Kuti muone kuti izi si nthano, tipite ku Brazil. Mu 2004 ndi 2005, mumzinda wa Belém, anthu 311 anatuluka zotupa zosapola atachitidwa maopareshoni ndiponso ena atabayidwa majekeseni. Kenaka kuyambira mu Ogasiti 2006 mpaka Julaye 2007, m'chigawo cha Rio de Janeiro, anthu 1,051 anaganiziridwa kuti ali ndi matenda omwewa, ndipo anachokera m'zipatala 63. Ambiri anali atachitidwa opareshoni ija yamakono, yoboola timabowo ting'onoting'ono pamimba nkulowetsa kachitsulo kokhala ndi kamera, imene imatamandidwa kuti munthu amachira msanga ndipo chipsera sichioneka. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere.

Chinachitika nchiyani? Zitsulo za opareshoni yotereyi ndi zodula, ndi zosachedwa kuonongeka, ndipo odwala pamzere ndi ambiri. M'malo moziphika m'makina a nthunzi aja azachipatala amati autoclave, m'mene kutentha kumafika madigiri 121 ndipo kachirombo kalikonse kamafa, zipatala zambiri zinkangoziviika m'mankhwala amadzi otchedwa glutaraldehyde, nkupitira kwa wodwala wotsatira. Ofufuza atayeza tizirombo tochokera m'zipatala zosiyanasiyana anapeza kuti ndi mtundu umodzimodzi, wa m'banja la Mycobacterium abscessus, umene anaupatsa dzina loti BRA100, ndipo unkakhalabe moyo m'mankhwala oviikirawo. Madzi amene ankati akupha tizirombo anali bafa lawo losambiramo.

Boma la Brazil silinangopepesa. Mu 2009 bungwe lake loyang'anira za umoyo, ANVISA, linaletsa zoviika zitsulo za maopareshoni amenewa m'mankhwala amadzi, linalamula kuti matendawa akapezeka azinenedwa ku boma, ndipo linati chipatala chimene chachita opareshoni chizimuona wodwala wake mwezi ndi mwezi pa masiku 90 oyamba, kenaka khomo likhale lotsekula kwa iye mpaka miyezi 24. Mwamva? Udindo unaikidwa pa amene anang'amba.

Ndipo tisaganize kuti ndi matenda a zipatala zosauka. Ku Zurich, m'dziko la Switzerland, mu 2012 madokotala anazindikira odwala amene anachitidwa opareshoni ya mtima ali ndi m'bale wina wa tizirombo tomweti, Mycobacterium chimaera. Kufufuza kunaloza makina amene amatenthetsa ndi kuziziritsa magazi pa nthawi ya opareshoni. Tizirombo tinali m'thanki ya madzi ya makinawo, tina titachokera ku fakitale komwe ku Munich, ndipo chokupizira mphepo cha makinawo chinkatiulutsira m'chipinda cha opareshoni. Pofika mu Okutobala 2016 bungwe la CDC ku America linali kulangiza zipatala kuti zidziwitse odwala awo akale, chifukwa matendawa amatha kuonekera patapita zaka. Bungwe lomweli ndi anzake linapezanso anthu 21 amene anadwala mu 2013 ndi 2014 atapita ku Dominican Republic kukakonzetsa maonekedwe a thupi pamtengo wotsika.

Wina afunsa, nanga ife za ku Rio de Janeiro zikutikhudza pati? Zikutikhudza chifukwa dothi ndi madzi tili nazo, mipeni ndi masingano tili nazo. Azimayi athu amabereka kudzera ku fiyeta tsiku ndi tsiku. Anyamata a kabaza akathyoka amawaika zitsulo m'mafupa. Abambo amachitidwa opareshoni ya haniya. Ena mwa ife, kaya potumizidwa ndi boma kaya pogulitsa galimoto, timapita ku India kapena ku South Africa kukang'ambidwa, nkubwera bala lisanaonetse khalidwe lake, amene anang'amba ali kutali. Ndiye palinso china: dziko limene TB ndi yochuluka ndi limene kachirombo kofanana ndi TB kangabisale bwino kwambiri. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Pali misampha itatu imene wodwala wotereyu amagwamo, ndipo woyamba ndi wa makapisozi. Kunena chilungamo, mabala ambiri a opareshoni amene amachita mafinya amayamba ndi tizirombo wamba, amatuluka msanga m'masiku oyambirira, amapweteka, thupi limatentha, ndipo mankhwala wamba amawagonjetsa. Dokotala amene wayamba ndi mankhwala amenewo sanalakwe. Kulakwa kumayamba pamene ulendo woyamba walephera, wachiwiri walephera, koma tikungosintha mtundu wa kapisozi. Amoxicillin, cloxacillin, ngakhale jekeseni ya ceftriaxone imene ambiri timaiona ngati mfumu ya mankhwala, sizigwira pa abale a TB amenewa. Ndiye ife tikatopa ndi mzere timalowera kumsika kwa wogulitsa mankhwala pa benchi, amene atipatsa ciprofloxacin wa masiku 5. Bala limatha kuoneka ngati lafota pang'ono, ife nkumati tapeza dokotala weniweni, osadziwa kuti mankhwala amodzi okha, omwedwa mwachidule chonchi, amangophunzitsa kachirombo kulimba mutu.

Msampha wachiwiri uli ku labotale. Mwachizolowezi, namwino amapukuta mafinya ndi kathonje, ku labotale amawadzala m'kambale kuti aone chimene chimere, ndipo pakapita masiku 2 kapena 3 popanda chomera amalemba kuti mulibe kanthu, nkutaya kambaleko. Koma tizirombo tathuti, ngakhale madokotala amatitcha tomera msanga, timafuna mpaka masiku 7. Amatitcha choncho potiyerekeza ndi ka TB kamene kamatenga masabata angapo. Ndiye kambale kamatayidwa mlendo asanafike. Mwa ichi, bala lochucha mafinya koma labotale nkumati mulibe kanthu ndi chizindikiro pachokha. Chofunika ndi kudula kachidutswa ka mnofu wa pabalapo, osati kupukuta pamwamba pokha, ndipo dokotala alembe poyera kuti akufuna afufuze mycobacteria, kuti a labotale adziwe kusunga kambaleko nthawi yokwanira. Kuona maso a nkhono nkudekha.

Msampha wachitatu ndi umene ukundidetsa nkhawa kwambiri kuno kwathu. Akapaka utoto woyezera TB nkuyang'ana pa maikulosikopu, abalewa amaoneka chimodzimodzi ndi ka TB: timitengo tofiira. Diso silingasiyanitse. Munthu akhoza kuuzidwa kuti ali ndi TB ya pakhungu nkuyamba miyezi 6 ya rifampicin, isoniazid, pyrazinamide ndi ethambutol, pamene mitundu itatu ndatchula ija simva mankhwala amenewa mwachibadwa. Miyezi itha, bala lilipo, ndiye ayamba kumunong'ona kuti samwa mankhwala mokhulupirika, kapena kuti ali ndi TB yosamva mankhwala. Komatu chida chothandiza tili nacho kale. Makina a GeneXpert, amene bungwe la WHO linavomereza mu 2010 ndipo ali m'zipatala zathu zambiri, amazindikira ka TB kokha. Ndiye ngati maikulosikopu yati timitengo tofiira tilipo, koma GeneXpert yati TB palibe, belu lilire m'mutu mwa dokotala. TB yeniyeni imathanso kugwira bala, nchifukwa chake kuyeza konse kuwiri kuli kofunika.

Pakati pa misampha imeneyi, kumudzi nawo sakhala chete. Bala lotseka nkutsegukanso, losapweteka, lokana jekeseni, m'maso mwa azakhali ndi lamatsenga basi: winawake pamsika wachita nsanje ndi geni. Sindiwaseka azakhali. Chipatala chikalephera kupereka dzina la matenda, anthu amapereka lawo. Koma mphini pambali pa bala lotere ndi khomo linanso lolowera dothi, ndipo mapanga awiri avumbwitsa.

Tsono dzina likadziwika, machiritso ake ndi otani? Apa ndiye pofunika kuuzana zoona, chifukwa njira yake ndi yaitali. Choyamba ndi mpeni. Dokotala amayenera kutsegulanso, kutulutsa mafinya ndi kuchotsa mnofu wonse umene wagwidwa, nthawi zina kangapo. Ngati m'thupimo munasiyidwa chinthu chachilendo, kaya ndi kaukonde kotsekera haniya, kaya chitsulo cha m'fupa, kaya ulusi wosasungunuka, kawirikawiri chimayenera kutuluka, chifukwa tizirombo timamatirira pamenepo ngati m'paipi muja ndipo mankhwala satifikira. Ndi mawu owawa kwa munthu amene analipira kale opareshoni yoyamba, koma kukana mpeni wachiwiri nkutalikitsa matenda.

Chachiwiri ndi mankhwala, ndipo pa bala lalikulu sakhala amodzi. Amaphatikiza awiri kapena atatu, monga clarithromycin kapena azithromycin wakumwa, pamodzi ndi amikacin, cefoxitin kapena imipenem wa m'mitsempha kwa masabata angapo oyamba. Malangizo a akatswiri a ku America a mu 2007 anati matenda aakulu a pakhungu ndi mnofu amafuna miyezi yosachepera 4, ndipo akafika m'fupa miyezi 6. Kusankha mankhwala kumadalira dzina lenileni la kachirombo. Mycobacterium fortuitum kawirikawiri amamva mankhwala akumwa amene timawadziwa, monga ciprofloxacin ndi cotrimoxazole uja timati bakitilimu, akaphatikizidwa bwino. Mycobacterium abscessus ndiye chigawenga. Mtundu wina wa iyeyu, akauyeza ndi clarithromycin, pa tsiku la 3 umaoneka ngati wagonja, koma pofika tsiku la 14 wadzuka nkuyambanso kumera. Labotale yopupuluma imapereka yankho lolakwika, wodwala nkumwa miyezi mankhwala opanda ntchito. Mukuona chifukwa chake ndikuumirira pa dzina?

Chachitatu, mankhwalawa ali ndi mano. Amikacin amatha kuononga impso, amathanso kugonthetsa makutu, ndipo kugontha kwake sikubwerera. Wodwala ayenera kuyezedwa magazi pafupipafupi, ndipo akamva kulira m'makutu kapena chizungulire anene tsiku lomwelo, asadikire tsiku la sikelo yake. Linezolid, amene nthawi zina amawonjezeredwa, amachepetsa magazi ndi kuchititsa dzanzi kumapazi. Clarithromycin amasiya kuwawa mkamwa ndi kusokoneza m'mimba, ndipo sagwirizana ndi mankhwala ena, kotero amene ali pa ma ARV kapena mankhwala a mtima anene poyera. Awa si mankhwala ogula pa benchi kapena otumitsa kwa mnzako wopita ku Johannesburg kukaoda katundu. Koma nkhani yabwino ndi iyi: mabala a pakhungu ndi mnofu, akadziwika ndi kuchizidwa moyenera, ambiri amapola.

Inu a geni mumadziwa kuwerengera kuposa ine. Miyezi 4 kapena 6 ya mankhwala, kuphatikizapo masabata a dilipi ndi miyezi ija inatayika poyendayenda, ndi mpamba wonse wapita. Malo pamsika atenga wina, makasitomala azolowera kwina, lendi sadikira bala. Kwa mwana wa sukulu ndi chaka chobwereza. Ndipo zonsezi zingayambe ndi chitsulo chimodzi chimene wina anachita nacho changu pa tsiku la odwala ambiri. Mukaika pa sikelo mtengo wophika chitsulo ndi mtengo wochiza bala limodzi lotere, palibe wa malonda amene angasankhe kachiwiriko.

Ndikudziwa zimene ena anene. Ati, iwe mlembi, zipatala zathu nthawi zina zimasowa ndi panado yemwe, ukutiuza za tizirombo ta maina a Chilatini? Matendawa ndi osowa, tiyambe ndi malungo. Ndikuvomera kuti si bala lililonse, ndipo sindikupempha kuti chipatala chilichonse cha m'boma chikhale ndi labotale yonga ya ku Zurich. Koma matenda amene sayezedwa salowa m'kaundula, ndipo osalowa m'kaundula amaoneka ngati kulibe. Ku Brazil anazindikira kukula kwa vuto pamene anayamba kuphatikiza odwala a zipatala zosiyanasiyana. Chipatala chilichonse pachokha chikanatha kunena kuti ndi tsoka la munthu mmodzi. Komanso kusayeza sikupulumutsa ndalama. Majekeseni opanda ntchito ndi mankhwala a TB operekedwa kwa munthu wopanda TB amatuluka m'thumba lomwelo la boma.

Ena ati nkhani ngati iyi iopseza anthu, azimayi ayamba kukana fiyeta. Ayi ndithu, mayi amene wauzidwa kuti mwana sangatuluke bwino apite ku fiyeta osacheuka, chifukwa opareshoni imapulumutsa miyoyo yochuluka zedi kuposa imene imavulaza. Koma anthu sathawa chipatala chifukwa chouzidwa zoona. Amathawa akaona mnansi wawo akuvunda pamimba kwa chaka popanda womuuza chimene chikuchitika. Ndipo nthawi yoopa kufunsa munthu wovala yunifolomu inatha kalekale.

Tsono ndikupempha zinthu zochepa. Unduna wa Zaumoyo ulembe lamulo lomveka, lopachikidwa m'chipinda chilichonse chotsukira mabala, la boma ndi la pulayiveti lomwe: bala la opareshoni limene latuluka mochedwa, kapena lakana maulendo awiri a mankhwala, lidulidwe kachidutswa nkutumizidwa ku labotale yodzala tizirombo ta banja la TB. Njira yonyamulira makhololo kuchokera m'zipatala zazing'ono kupita ku malabotale aakulu ilipo kale chifukwa cha TB, ndipo kachidutswa ka mnofu sikalemera kuposa makhololo. Chipatala chikaona odwala awiri kapena atatu a fiyeta imodzi ali ndi mabala ofanana, chikakamizidwe kunena, ndipo a Medical Council of Malawi akafika aziyang'ana m'chipinda chophikira zipangizo asanayang'ane matailosi a polandirira alendo. Ndipo chipatala cholipiritsa chimene chang'amba munthu chimutsatire mpaka atapola, osati kumulipiritsa ngati kasitomala watsopano nthawi iliyonse wabwera ndi bala lomwelo.

Kwa inu ndi ine, ntchito yathu ndi pakamwa. Musanang'ambidwe, kaya kuno kaya kunja, funsani mwaulemu kuti zipangizo amaziphika motani, ndipo pobwera mutenge pepala lonena zimene anachita ndi zimene anasiya m'thupi. Bala likatuluka mochedwa, bwererani komwe munang'ambidwa kapena ku chipatala chachikulu, nenani tsiku la opareshoni, onetsani mankhwala onse amene mwamwa kale, ngakhale a pa benchi aja, osabisa. Kenaka funsani kuti, adokotala, kodi kachirombo kameneka dzina lake ndani, ndipo mwakayeza motani? Dokotala wabwino sakwiya ndi funso limeneli. Inu ana a sukulu amene mumaperekeza makolo kuchipatala chifukwa mumatha Chingerezi, funso limeneli ndi lanu. Ndipo mankhwala oyenera akayamba, amalizeni ngakhale bala litauma pa mwezi wachiwiri, chifukwa kuuma kwa pamwamba ndiye bodza limene kachiromboka kamalidziwa bwino.

Safunsa anadya phula. Pamsika sitigula thumba la kaunjika osafunsa kuti muli chiyani. Nanga thupi lathuli, loti silioda kawiri, tilimwetse mankhwala miyezi ndi miyezi osafunsa kuti tikupha ndani?